Ekisitenshoni imodzi singasenze nyumba yonse

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za mmene tikuseweretsera magetsi mnyumba za lendi muno mu Lilongwe, chifukwa mwezi wa June ine ndi ana anga tinatsala pang'ono kugona panja. Nyumba yomwe ndikukhala ku Area 25 ili ndi soketi imodzi basi pabalaza, nde pamenepo tinalumikiza ekisitenshoni ya mabowo asanu, fuliji pomwepo, TV pomwepo, hotipuleti, ketulo, ayironi nayonso pomwepo. Mmawa umenewo kunazizira koopsa, phala lili pa hotipuleti mwana wanga anayatsa ketulo ya madzi osamba ine ndikusita mayunifolomu, kenako ndinangomva kafungo ngati ka jumbo yopsa, kusuzumira kuseri kwa sofa ndikupeza pulagi yasungunuka yamatirira kusoketi, khoma lada bii utsi uli tolo. Ndinathamangira kukathimitsa pa meni switchi manja akunjenjemera.

Bambo a zamagetsi omwe anabwera kudzakonza anandikhazika pansi nkundiwerengera masamu, ndipo masamu amenewa ndi omwe andipangitsa kulemba kalatayi. Magetsi a ESCOM amafika mnyumba pa mavolti 230. Pulagi ya mano atatu ija imakhala ndi kafyuzi mkati, kamene kamapsa nkudula magetsi katundu akachuluka, ka ma amp 13, nde 230 kuchulukitsa ndi 13 tikupeza mawati pafupifupi 3000. Amenewo ndiye malire a ekisitenshoni yonse, kaya ili ndi mabowo anayi kaya khumi, poti moto wonse ukudutsa pachingwe chimodzi chomwecho. Tsono ketulo payokha imadya mawati cha mma 2000, mbale imodzi ya hotipuleti 1000 mpaka 1500, ayironi 1000 kupita mtsogolo, ndekuti ife tinali titadutsa 4000 kalekale. TV ndi matchaja a foni sizidya zambiri ayi, zoopsa ndi izi zotenthetsazi, kuphatikizapo hita ija timaikonda nyengo yozizira. Tembenuzani chipangizo chanu muone pansi, pali nambala yothera ndi W, ndiwo mawatiwo, phatikizani nokha.

Chomwe chikundiwawa mpaka lero nchakuti fyuzi ikanatipulumutsa. Bambo a zamagetsi aja atatsegula pulagi ija anapeza mulibe fyuzi, muli kawaya kongokulungiza. Chaka chatha fyuzi itapsa tinaitana mnyamata wina wa mdera lathu, anakulungapo kawayako nkuti zatheka mayi, ine nkumuthokoza nkumupatsa kangachepe, osadziwa kuti wachotsa mlonda. Fyuzi ikapsa kapena buleka, kaswitchi kodzithimitsa kokha ka pabolodi, ikamagwa pafupipafupi ikukuuzani kuti katundu wachuluka kapena pena pake pali shoti, si kuti yafooka ifunika ina yaikulu ayi. Ndipo buleka ya pabolodi, bambo a zamagetsi aja anati, ntchito yake nkuteteza waya wa mkhoma, ya ma amp 32 imangokhala phee kachingwe ka ekisitenshoni kakupsa.

Alandilodi nanunso tamverani. Mukumanga nyumba zinayi kuseri nkukokera magetsi kuchoka pa mita imodzi ndi waya woonda wa saizi 1.5 wa magulobu, pomwe masoketi amafuna 2.5 ndipo kuka yophikira imafuna waya wake wokha wonenepa. Anthu oika mawaya mnyumba amayenera kukhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, afunseni akuonetseni asanagwire khoma lanu. Nafenso alendi tisiye zolowetsa mawaya osenda musoketi nkupanikiza ndi timitengo ta machesi, ana amakwawa pomwepo.

Pempho langa kwa a ESCOM ndi a MERA ndi loti masamu a 3000 amenewa aziwanena pawailesi mChichewa, komanso aziwalemba pamalisiti omwe timagulira mayunitsi. Kwathu pano ketulo ndi hotipuleti zikuchita kudikirana pasoketi ya pakhoma, ndipo alandilodi avomera kuika soketi ina kukhitchini mwezi uno ukatha.

Mayi wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe