Asiyeni ochemerera akambe za zikho zakale

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa khalidwe lina limene lamera mizu pakati pa okonda mpira, makamaka achinyamata. Munthu akangoyamba kusimba za chaka chimene timu yake inatenga ukatswiri, asanafike ndi pakati pomwe, wina amamudula pakamwa: "Mbiri sigoletsa zigoli, tiuzeni za lero." Enawo n'kuphulika kuseka, wosimbayo n'kungokhala chete ngati walakwa. Mawu amenewa amamveka ochenjera, koma ine ndikukana. Ochemerera amene amakamba zakale ndi amene amasunga timu ikakhala pa mavuto, ndipo nkhani zawo zili ndi maphunziro amene makochi ndi eni matimu a lero akuwasowa.

Taonani za Nottingham Forest ya ku England. Kochi Brian Clough anafika kumeneko mu January 1975, timu ili mu ligi yachiwiri, ikungotsetsereka. Chaka chotsatira anabwera mnzake Peter Taylor kudzakhala womuthandiza, munthu wa diso lakuthwa pozindikira wosewera amene ena amunyoza. Mu 1977 timuyo inalowa mu ligi yaikulu, ndipo inalowa movutikira, ili pa nambala yachitatu. Anthu ankaganiza kuti yabwera kudzangopereka mapointsi. Pofika 1978 inali itatenga ligi, itasiya Liverpool kumbuyo ndi mapointsi 7, ndipo m'masewero 42 inangolowetsedwa zigoli 24 zokha. Mu 1979 inatenga chikho cha akatswiri a ku Ulaya, mu 1980 n'kuchitetezanso. Mpaka lero timu imeneyi inatenga chikho cha ku Ulaya kawiri pamene ligi ya kwawo inaitenga kamodzi kokha. Kodi munthu amene anaona zimenezi ndi maso ake mungamuuze kuti akhale chete?

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti amene amaidziwa bwino nkhaniyi sayambira pa chikho ayi. Amayambira pa anthu. Adzakuuzani za John Robertson, mnyamata amene Clough anamupeza ali kale mu timu, wonenepa, wosasamala za thupi lake, woti ambiri anali atamutaya. Clough ndi Taylor anamulankhula mosapsatira, anamuika kumanzere, n'kuuza anzake kuti mpira ukakuvutani mupatseni uyu. Adzakuuzani za Kenny Burns amene ku Birmingham ankasewera kutsogolo ndipo anali ndi mbiri ya munthu wovuta. Ku Forest anamubweza kumbuyo, ndipo mu 1978 atolankhani a zamasewero anamusankha kukhala wosewera wopambana onse m'dzikomo. Adzakuuzani za Garry Birtles, amene ankagwira ntchito yoyala makapeti uku akusewera m'katimu kakang'ono ka Long Eaton United, n'kugulidwa ndi mapaundi 2,000 okha. Ndi yemweyo amene anagoletsa chigoli choyamba pamene Forest inatulutsa Liverpool, amene anali eni chikho panthawiyo, mu ndime yoyamba ya mpikisano wa ku Ulaya mu 1978. Ndipo kumene ndalama zinkafunikadi sanaumire: anagula goloboyi Peter Shilton ku Stoke City chifukwa ankadziwa kuti ligi imatengedwa ndi timu yosalowetsedwa zigoli mwachisawawa.

Ndiye mverani mmene amasimbira chigoli cha ku Munich mu 1979, m'masewero omaliza a chikho cha ku Ulaya, posewera ndi Malmö ya ku Sweden. Kwatsala pang'ono kuti apite kokapuma. Robertson walandira mpira kumanzere, adani awiri amutsekera njira. Akuwadutsa cha kunja, mpira akuukweza kupita ku chipilala chakutali. Trevor Francis, amene anali atangogulidwa ndi mapaundi 1 miliyoni, woyamba kugulidwa mtengo wotere ku Britain, akuthamanga kuchokera kumanja, akudziponya, mutu pa mpira, ukonde gwede! Iye n'kukagwera pa bwalo loponyerapo chitsulo limene linali kuseri kwa golo. Aka kanali koyamba kuti Francis aisewerere timuyo mu mpikisano umenewu. Wosimba akafika pamenepa amaimirira, mutu n'kuugwedezera kutsogolo ngati mpira ukubweradi. Chaka chotsatira m'masewero omaliza a ku Madrid, Robertson yemwe uja anapatsirana ndi Birtles n'kumenya mpira wapansi umene unalowa, Hamburg ya Kevin Keegan n'kugonja 1-0, Shilton atagwira ntchito ya anthu atatu usiku umenewo.

Mwana amene wamvetsera nkhani yotereyi waphunzira zambiri kuposa amene wangoloweza mndandanda wa matimu sabata ino. Waphunzira kuti wosewera wotayidwa akhoza kudzuka akapeza kochi womukhulupirira. Waphunzira kuti ndalama zimagwira ntchito zikapita pamalo oyenera. Wamvanso za Viv Anderson wa timu yomweyo, munthu wakuda woyamba kusewera mu timu yaikulu ya dziko la England, mu November 1978. Paja akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera.

Tsopano funso langa kwa aja oseka ndi ili: timu ikagwa, amatsala ndani? Forest inatuluka mu Premier League, ligi yaikulu ya ku England, mu 1999. Mu 2005 inagweranso mu ligi yachitatu, timu yoti inagonjetsapo Ulaya yense. Makochi ankangosinthana, eni timu ankabwera n'kupita. Panatenga zaka 23 kuti ibwerere mu ligi yaikulu, mu 2022, itagonjetsa Huddersfield 1-0 ku Wembley. M'zaka zonsezo anthu sanasiye kupita ku bwalo la City Ground. Ambiri mwa amene ankaimba ku Wembley tsiku limenelo anali asanabadwe mu 1980. Nanga chinawagwira n'chiyani? Sizinali zotsatira za Loweruka lililonse, chifukwa zambiri zinali zowawa. Anali bambo, amalume kapena agogo amene anagwira chala cha mwana n'kuchiika pa nyenyezi ziwiri zili pamwamba pa chizindikiro cha timu pa jezi, n'kumuuza chimene nyenyezi iliyonse ikutanthauza. Kukanakhala kuti akuluakulu aja anamvera zoti mbiri sigoletsa zigoli, mwana uja akanatsatira timu imene ikupambana chaka chimenecho, chaka chinacho n'kusamukiranso kwina.

Liverpool nayo inadikira zaka 30, kuchokera 1990 mpaka 2020, isanatengenso ligi. Otsatira ake ananyozedwa mpaka kutopa kuti amangodya zakale. Leicester City inadabwitsa dziko lonse potenga ligi mu 2016, koma pofika 2023 inali itatuluka mu ligi yaikulu. Aja amene akuseka lero chifukwa timu yawo ili pamwamba adziwe kuti nawonso tsiku likubwera loti adzayambe nkhani ndi mawu akuti "m'chaka chija."

Sindikunena kuti kukumbukira kulikonse n'kwabwino. Pali kukumbukira kwina kumene ndimadana nako. Ndi kuja koti munthu amatenga mayina a akatswiri akale n'kumakwapula nawo mnyamata wa zaka 19 amene wangolowa kumene mu timu. Walakwitsa kupatsira kamodzi, basi "sangafike pa uje." Amaiwala kuti uje yemweyo anayamba ndi kulakwitsa, ndipo Robertson akanakumana ndi ochemerera otere bwenzi dzina lake tisakulidziwa. Kwinanso ndi kwa akuluakulu oyendetsa matimu amene zinthu zikavuta amathamangira kusoka jezi yofanana ndi ya chaka cha chikho, kuitana osewera akale kuti akweze manja pabwalo, pamene timu ya achinyamata ilibe kochi wokhazikika ndipo akusintha kochi wamkulu chaka chisanathe. Kumeneko ndi kubisala kuseri kwa zikho zimene anatenga anthu ena. Wochemerera amene amaidziwadi mbiri ya timu yake sapusitsidwa ndi zoterezi, chifukwa amadziwa kuti chikho chija chinabwera bwanji. Amadziwa kuti Clough anakhala pa Forest zaka 18, ndipo m'zaka ziwiri zoyambirira panalibe choti n'kunyadira kwenikweni. Ndi kochi uti lero amene angapatsidwe nthawi yotere?

Chinanso chimene chikundikakamiza kulemba n'chakuti eni nkhani akutha. Clough anamwalira mu 2004, Trevor Francis mu 2023. Zigoli zawo zilipo pa intaneti, mwana aliyense akhoza kuzionera, koma kanema wa masekondi ochepa sakuuzani kuti wosewerayo anachokera kuti, anakanidwa ndi ndani, ndi ndani anamudzutsa. Ndipo matimu ambiri padziko pano alibe ngakhale kanema wa masiku awo aulemerero. Zonse zili m'mitu ya anthu amene analipo pabwalo. Munthu wotere akamwalira asanafunsidwe, chikho chija chimangotsala chaka cholembedwa papepala.

N'chifukwa chake ndikupempha inu a Mkonzi kuti m'masamba anu a zamasewero mupatule kadanga ka nkhani zakale, ngakhale kamodzi pamwezi. Atolankhani anu asamangofunsa osewera akale kuti "mukuiona bwanji timu ya lero?" chifukwa yankho lake timalidziwa kale. Awafunse kuti ankachita bwanji zokonzekera, ndani ankalankhula m'chipinda chovalira timu ikamagonja, ndi masewero ati amene anawatsimikizira kuti chaka chino chikho n'chathu. Afunsenso ochemerera okalamba, aja amene amakumbukira mayina 11 onse popanda kukanda mutu. Muwapatse malo okwanira kuti asimbe mpaka pamapeto, ndipo mulembe mayina, zaka ndi zigoli molondola kuti ana athu akamatsutsana akhale ndi powerenga.

Ine wanu,
Wokonda mpira