Gasiketi ikapsa, funani kaye chomwe chayipsereza

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzipepala yanu ndilankhule ndi anzanga oyendetsa njinga zamoto muno mu Lusaka, makamaka ife amene timathamanga tsiku lonse kuperekera anthu zakudya ndi katundu. Okutobala ndi uno, dzuwa likuotcha zoopsa, ndipo sabata ino yokha ndaona njinga zitatu zikukankhidwa m'mbali mwa msewu, eni ake thukuta lili kamukamu.

Ine ndimayendetsa Boxer 150. Chaka chatha nthawi ngati ino ndinali pa mzere wa magalimoto mu Lumumba Road kufupi ndi msika wa Soweto, sitikuyenda, injini ikungolira pamalo amodzi, mpaka ndinayamba kumva kutentha m'miyendo ngati ndakhalira mbaula, kenako fungo la oilo wopsa. Pofika ku Matero njinga inalibe mphamvu, ikulira kuti fu fu fu pakati pa hedi (mutu wa injini) ndi silinda, pomwe pamakhala gasiketi yotseka mpata kuti mpweya ndi oilo zisathawe, pomwepo pali kamzere kakuda ka oilo. Makanika wina wa mukomboni mwathu anangoti "gasiketi iyi mudala", n'kumasula injini ikadali yotentha, n'kupaka silikoni, n'kumanga manati ndi sipanala mpaka kupondapo ndi phazi. Ndinalipira. Masabata atatu sanathe, vuto lija labwereranso.

Ulendo wachiwiri ndinati ayi, ndipanga ndekha. Lamlungu m'mawa pansi pa mtengo wa mango pakhomo, injini yagona usiku wonse yazizira bwinobwino, ndinayala saka pansi n'kumaika chilichonse chomwe ndamasula mu ndondomeko yake. Ndipamene ndinaona chomwe mkulu uja sanafune kuyang'ana n'komwe. Njinga zathuzi zilibe radiyeta, zimazizira ndi mphepo yodutsa m'timipata tija ta pa silinda ndi pa hedi, koma mwanga munali mutadzaza matope ouma a dzinja lapita osakanikirana ndi oilo, olimba ngati njerwa. Oilo mu injini anali wosakwana theka, pomwe imafuna pafupifupi lita imodzi ya oilo wa mtundu wa 20W50. Pulagi inali yoyera mbee ngati choko, chizindikiro choti petulo akuchepa mpweya ukuchuluka, ndipo nditafufuza ndinapeza kapaipi ka labala ka pakati pa kabyuleta ndi hedi katang'aluka pansi, kakuyamwa mpweya wakuba. Gasiketi ija sinapse yokha, inapsa chifukwa cha zinthu zitatuzi, ndiye ngakhale mukanaika yatsopano kakhumi ikanapsabe.

Ntchito yosintha gasiketi siyovuta monga amatiopsezera, koma ikufuna mtima wodekha. Musanachotse kanthu zungulizani injini mpaka chizindikiro cha T chionekere pa kabowo ka m'mbali, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka. Tcheni cha taimingi, chomwe chimayendetsa mavalavu, chimangeni ndi waya chisagwere mkati, ine ndinatsekanso mpatawo ndi kansanza poopa kuti nati ingagweremo. Manati a hedi mumasula pang'onopang'ono modumphanitsa, ili kenako la moyang'anana nalo, osati kuzungulira mbali imodzi.

Pamene ndinatherapo nthawi yambiri ndi pa hedi penipeni. Hedi ndi ya aluminiyamu, ikatentha kwambiri imapindika pang'ono moti ndi maso simungaone. Ndinatenga galasi lokhuthala la pa windo, ndinayalapo sandipepala wosalala wonyowetsa, n'kupaka pansi pa hedi inki ya cholembera cha maka, kenako n'kumaitsetsereka pagalasipo mozungulira mosakanikiza. Nditaitembenuza inki inali itachoka paliponse kupatula mbali ya ku ekizozi, pomwe panali kachigwa, pomwe mpweya umathawira. Ndinapitiriza mpaka inki yonse itatha. Ikakhala kuti yapindika kwambiri musalimbane nayo, pitani nayo kwa a makina akaisepe.

Gasiketi ya hedi imalowa youma, silikoni ayi, ndipo yakale musabwezeremo ngakhale ikuoneka yabwino. Pomanga ndinabwereka torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati, kwa mnzanga amene amakonza mathiraki, ndinamanga modumphanitsa katatu, kuwonjezera pang'ono ulendo uliwonse mpaka pa nambala yolembedwa m'buku la njingayo. Mavalavu ndinawasetanso ndi feeler gauge, timazitsulo topyapyala toyezera mpata, injini ili yozizira, chifukwa valavu yothina nayonso imatenthetsa injini. Papita chaka tsopano, injini sinadonthe ngakhale kadontho.

Chimene chimandiwawa a Mkonzi ndi ichi, anyamata ambiri njinga si zawo, ndi za mabwana amene amafuna ndalama ya tsiku ndi tsiku koma ukawauza za oilo amati mawa. Injini ikafa amamudula mnyamata pa malipiro. Mabwana inu, mupatseni mwanayo theka la tsiku asinthe oilo ndi kutsuka sefa ya mpweya, fumbi la ku Kanyama ndi ku Chawama mukulidziwa nokha. Ogulitsa masipeya nanunso tiuzeni zoona, gasiketi iyi ndi yeniyeni iyi ndi yotchipa, tisankhe tokha tikudziwa.

Ndipo anzanga, chonde lekani kuthira madzi ozizira pa injini yotentha. Dzulo lomweli ndinamuona wina ku Kamwala akukhuthulira botolo lonse pa hedi, nthunzi ili tolotolo, ndinaimika njinga yanga n'kupita kukamugwira dzanja.

Ine wanu,
Woyendetsa njinga, Matero