Kalata kwa Makolo: Kutha kwa Teremu ndi Ulendo Wokagona Kunkhalango

Okondedwa makolo ndi onse olera ana,

Teremu yatha, ndipo zotsatira za mayeso tapatsira ana anu. Zikomo chifukwa chogwira nafe ntchito. Nkhani yaikulu m'kalata ino ndi ulendo wa ophunzira a makalasi apamwamba, amene patchuthipa akakwera phiri ndi kugona m'matenti kunkhalango yotetezedwa ndi boma, masiku 3. Mphunzitsi mmodzi aziyang'anira ana osaposa 8. Chilolezo cholowera ndi kugona m'nkhalangomo tatenga kale, ndipo mlonda wakumeneko ndiye adzatitsogolere.

Makolo ambiri mukufunsa za njoka ndi zilombo. Ife chimene chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi kunyowa ndi kuzizira, ndipo vutoli limayambira kunyumba, tsiku lolongedza chikwama. Munthu akamakwera phiri, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse. Mwana amafika pamwamba malaya atanyowa ndi thukuta, kenako mphepo n'kumuomba. Chovala cha thonje chikanyowa sichiuma msanga ndipo chimayamwa kutentha kwa thupi. Jinzi ndiye woipa kuposa zonse, musamupatse. Thupi likazizira mpaka kutsika pa madigiri 35, munthu amanjenjemera, amapunthwapunthwa, mawu amatuluka mosamveka, mwiniwake osadziwa n'komwe kuti zinthu zaipa. Choncho mwana aliyense atenge juzi yaubweya, jekete losalowa madzi, chipewa chofunditsa makutu, ndi zovala zogonera zimene sadzazivala masana ngakhale zitavuta bwanji. Zovala ndi chofunda muzimange m'pepala la pulasitiki musanaziike m'chikwama, chifukwa chikwama chokha mvula imalowa. Musaiwale chotandika chokhuthala. Usiku nthaka imakoka kutentha kwa munthu wogona pansi, moti mabulangete awiri pamwamba sathandiza ngati pansi palibe kanthu.

Chikondi chisakupangitseni kudzaza chikwama. Mwana wolemera makilogalamu 40 asasenze katundu woposa makilogalamu 6, madzi ali momwemo, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Tidzayeza zikwama tisananyamuke. Zolemera zikhale pakati, moyandikira msana.

Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba. Zimatulutsa matuza tsiku loyamba lomwelo, ndipo mwana mmodzi wotsimphina amachedwetsa gulu lonse. Ngati mwagula kale, azivala tsiku lililonse kwa milungu iwiri. Masokosi akhale mapeya atatu, zikhadabo zakumapazi zikhale zowenga, chifukwa potsika zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato.

Poyenda munthu amafunika madzi pafupifupi theka la lita pa ola, kotero aliyense atenge mabotolo awiri a lita imodzi. Madzi a mumtsinje, ngakhale aoneke oyera ngati galasi, tidzawawiritsa: mphindi imodzi atayamba kubwadamuka, koma mphindi 3 tikapitirira mamita 2,000, poti pamwamba madzi amawira asanatenthe kufika madigiri 100.

Nthawi yoyenda timaiwerengera ndi njira imene William Naismith wa ku Scotland anapereka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 alionse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Imeneyi ndi ya munthu wamkulu wamphamvu wosapumira. Kwa ana osenza katundu timawonjezera theka, ndiye kuti mtunda wa makilomita 10 wokwera mamita 600, umene pamasamu ndi maola 3, kwa ife ndi maola 4 ndi theka, osawerengera nthawi yodya. Tsiku lililonse lidzakhala ndi nthawi yobwerera. Ikakwana tidzabwerera, ngakhale nsonga ya phiri ikuoneka apa. Muwauziretu ana zimenezi, chifukwa amakhumudwa. Mphezi ikang'anima timawerenga masekondi mpaka bingu ligunde. Masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30 timatsika pamtunda, kutalikira mtengo woima wokha, ndipo sitipitiriza mpaka patadutsa mphindi 30 bingu litasiya.

Nkhalango ya boma ndi ya anthu onse, ndipo ili ndi malamulo ake. Matenti tidzakhoma pamalo ololedwa okha. Sitikhoma m'khwawa louma, chifukwa mvula yogwa kumtunda imatsitsa madzi usiku ngakhale pamene muli pasanagwe dontho, komanso sitikhoma pansi pa nthambi zouma. Popanda chimbudzi, mwana akumbe kadzenje kakuya masentimita 15 mpaka 20, mamita 60 kuchokera pamadzi, n'kukwirira. Sopo asalowe mumtsinje. Moto amayatsa ndi mphunzitsi yekha, ndipo timauthira madzi n'kuvundula phulusa mpaka dzanja ligwire osapsa; kuufotsera ndi dothi kokha kumasiya makala ali amoyo. Chakudya sichigona m'tenti, chimaitana nyerere, makoswe ndi nyama zina. Chilichonse tabwera nacho tibwerera nacho, mpaka pepala la siwiti.

Mwana aliyense akhale ndi tochi ndi wenzulo, ndipo wenzuloyo akhale m'khosi osati m'chikwama. Akasochera, makamaka m'chifunga, aime pomwepo, aimbe katatu, amvetsere, n'kubwereza. Woyendayenda kufuna njira amavuta kumupeza. Njoka ikaluma, sitidula pachilonda, sitiyamwa, sitimanga chingwe. Wolumidwayo amakhala duu osayenda, timamunyamula kupita kuchipatala.

Pafomu imene mwana wabwera nayo lembani matenda onse, makamaka mphumu, khunyu ndi zakudya zimene zimamuwenga. Kulemba zimenezi sikumuletsa kupita. Mankhwala muwapereke m'manja mwa mphunzitsi, mutalembapo dzina ndi kamwedwe kake. Mafoni kumeneko sagwira bwino, choncho mwana akapanda kuimba musade nkhawa. Uthenga wofulumira udutse kuofesi ya sukulu. Fomu yosainidwa itipeze kutatsala masiku 7 kuti tinyamuke. Amene fomu yake siinafike sadzakwera galimoto.

Ndine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu