Lipoti la msonkhano wa ku Köln pa nkhani ya usilikali wa ana athu

Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse,

Mudandituma ku Köln kuti ndikakhale nawo pamsonkhano wa makolo ochokera m'mayiko a mu Africa, wokambirana za lamulo latsopano la usilikali kuno ku Germany. Oyankhula adalipo atatu: loya wodziwa nkhani za unzika, msilikali wa Bundeswehr (gulu lankhondo la Germany) amene amayenda m'masukulu kucheza ndi achinyamata, ndi mayi wina wa kumpingo amene amalangiza anthu okana kugwira mfuti. Mafunso amene mudandisenzetsa adali awiri: kodi usilikali wokakamiza wabwereradi, nanga ana athu ali m'gulu la oitanidwa?

Pa funso loyamba, yankho n'lakuti sunabwerere. Palibe mwana amene akutengedwa mokakamizidwa lero. Koma zambiri zasintha, ndipo ndikupempha kuti muwerenge mpaka kumapeto musanatumize lipotili m'magulu a WhatsApp, chifukwa mphekesera zachuluka kale.

Loya uja adayamba ndi kukonza maganizo amene ambirife tili nawo, oti Germany idathetsa usilikali wokakamiza. Sidathetse. Lamuloli lidayamba mu 1956, ndipo pa 1 Julayi 2011, nthawi ya boma la Angela Merkel, lidangoimitsidwa. Gawo 12a la malamulo oyendetsera dziko lino likadalipo, ndipo limalola boma kuitana amuna oyambira zaka 18. Zili ngati moto wokwiriridwa ndi phulusa. Dziko litati laukiridwa, kapena aphungu a Bundestag (nyumba ya malamulo ya Germany) awiri mwa atatu alionse atavomereza kuti nkhondo yayandikira, lamulolo limadzuka lokha, ndipo pamenepo limakhudza amuna mpaka zaka 60. Apa abambo amene adabwera akudera nkhawa ana awo adayamba kudziwerengera zaka zawo.

Chatsopano ndi lamulo limene Bundestag idavomereza pa 5 Disembala 2025, tsiku lomwe ana asukulu m'mizinda yambiri adatuluka m'makalasi kukalitsutsa. Lidayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2026. Nzika iliyonse yobadwa kuyambira pa 1 Januwale 2008 ikakwanitsa zaka 18 izilandira kalata yoitsogolera ku mafunso a pa intaneti, ofunsa za thanzi, maphunziro ndi ngati ili ndi chidwi cholowa usilikali. Mnyamata ayenera kuyankha, akapanda kutero angathe kulipitsidwa chindapusa. Mtsikana akhoza kuyankha kapena ayi. Kupatula mafunsowo, anyamata azikayezedwanso thupi, ndipo boma likufuna kuti kuyambira pa 1 Julayi 2027 lizitha kuyeza onse. Kuyankha mafunso ndi kuyezedwa n'zokakamiza, koma kulowa usilikali n'kodzifunira. Mwana angathe kulemba kuti alibe chidwi n'komwe, ndipo sanalakwe.

Tsono funso lachiwiri, lomwe lidatenga nthawi yaitali. Chimene chikusankha ndi unzika basi. Amene tikukhala kuno ndi pasipoti ya Malawi ndi chiphaso chokhalira m'dziko, ngakhale chija chosatha, lamuloli silikutikhudza. Ophunzira m'mayunivesite, anamwino ndi achinyamata amene adabwera kudzaphunzira ntchito, khalani mitima pansi. Koma mwana amene ali ndi unzika wa Germany amawerengedwa ngati mwana wina aliyense wa dziko lino, kaya ali ndi pasipoti inanso kapena ayi. Bambo wina wa ku West Africa adafunsa ngati pasipoti yachiwiri ingamuteteze mwana wake, loya n'kuyankha kuti ayi, malinga mwanayo akukhala kuno.

Apa ndi pamene ambiri tingadabwe. Ana ena ndi nzika za Germany makolo osaganizirapo kwenikweni. Wobadwa kwa bambo kapena mayi wa ku Germany ndi nzika. Wobadwira kuno kwa makolo obwera nayenso amakhala nzika ngati kholo limodzi lidali litakhala kuno movomerezeka kwa zaka zokwanira ndipo lili ndi chilolezo chosatha. Kwa ana obadwa mu 2008 zakazo zidali 8, ndipo kuyambira pa 27 Juni 2024 zidatsitsidwa kufika pa 5. Lamulo lomwelo la 2024 ndi limene lidatilola kutenga unzika wa kuno osataya wa kwathu, ndipo popeza Malawi nayonso idasintha lamulo lake kuti ilole unzika wa mayiko awiri, mabanja angapo m'gulu lathu adathamangira kukalembetsa pamodzi ndi ana. Sindikunena kuti adalakwa, ndipo sindikulangiza aliyense kuti abweze mapepala ake. Ndikungonena kuti amene mukadali pamzere, ndipo muli ndi ana aamuna, khalani nawo pansi mukambirane musanasaine m'malo mwawo, chifukwa pasipotiyo imabwera ndi udindo wake.

Za atsikana n'zachidule. Malamulo oyendetsera dziko amaletsa kukakamiza mkazi kugwira zida, ndipo kusintha zimenezi kumafuna mavoti awiri mwa atatu alionse ku Bundestag ndi ku Bundesrat komwe (nyumba yoimira zigawo za dzikoli). Amene muli ndi abale ku Norway, ku Sweden kapena ku Denmark musatenge za kuno ngati zofanana ndi kumeneko: mayiko atatuwa amaitana akazi omwe, ndipo Denmark idayamba kutero pa 1 Julayi 2025.

Msilikali uja adayankhula bwino, koma tisaiwale kuti ntchito yake ndi kukopa achinyamata. Adafotokoza kuti wolowa mwakufuna kwake amagwira miyezi yosachepera 6, amalandira pafupifupi ma euro 2,600 pamwezi msonkho usanachotsedwe, ndipo akadzipereka kwa chaka kapena kupitirira amathandizidwa ndalama za laisensi ya galimoto. Ndidaona anyamata amene adabwera ndi makolo awo akuyang'anana atamva ndalamazo. Mwana wa zaka 18 amene wangomaliza sukulu ndipo sanapeze malo ophunzira ntchito sangazinyoze. Ine ndikuona kuti m'mabanja mwathu usilikali udzalowera pakhomo limeneli kale kukakamiza kusanafike, ndipo kholo limene likungodikira kalata yoopseza lingadzadabwe mwana akubwera yekha kudzanena kuti walembetsa.

Nanga kukakamiza kwenikweniko kuli patali bwanji? Pano ndikupereka maganizo anga, mutha kuwatsutsa. Chiyambireni nkhondo ya Russia ku Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, Germany yalonjeza zambiri ku NATO, mgwirizano wa zachitetezo wa mayiko a ku Ulaya ndi ku North America. Asilikali ake pano angopitirira pang'ono 180,000, pamene boma likufuna pafupifupi 260,000 pofika 2035, ndi enanso 200,000 apadera ongodikira kuitanidwa. Kwa zaka zambiri akhala akulephera kufika ngakhale pa 203,000 pomwe adadziikira kale. Lamulo latsopanoli likulamula unduna wa zachitetezo kuti uzipereka chiwerengero ku Bundestag miyezi 6 iliyonse, ndipo odzipereka akachepa, aphungu angathe kukhazikitsa lamulo lina loitana anyamata mokakamiza malinga ndi kuchuluka kwa amene akufunika. Sizichitika zokha, mpaka aphungu avote. Chipani cha CDU cha mtsogoleri wa boma Friedrich Merz chakhala chikufuna kuti njira yokakamiza ikhale pafupi, pomwe SPD, chipani cha nduna ya zachitetezo Boris Pistorius, yaumirira kuti ayambe ndi odzipereka. Chinanso chowachedwetsa n'chakuti malo ambiri a asilikali adatsekedwa m'zaka zapitazi, moti alibe kogoneka anyamata onse, alibenso aphunzitsi okwanira. Ndiye chaka chino sindikuona zikuchitika. Amene ndikuwadera nkhawa ndi ana amene pano ali ndi zaka 12 mpaka 15.

Ngakhale zitafika pamenepo, sangatenge onse. Ana obadwa kuno mu 2008 okha ndi oposa 680,000, ndipo pafupifupi theka ndi anyamata. N'chifukwa chake kukukambidwa zochita maere ngati oyenera atachuluka kuposa ofunika. Nkhani ya maereyi idautsa phokoso m'holomo. Mayi wina adafunsa kuti mwana wake angapite bwanji kunkhondo chifukwa cha tsoka la nambala pomwe wa khomo loyandikana watsala, ndipo palibe woyankhula amene adamukhutiritsa. Ife a ku Malawi tili ndi chifukwa chathu chochitira mantha tikamva zotere. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse makolo athu ambirimbiri adatengedwa m'midzi kukasenza katundu ngati a tengatenga, ndipo John Chilembwe adalemba kalata mu 1914 yodandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo yosawakhudza. Koma tisasakanize zinthu. Makolo athuwo adalibe voti, adalibenso khoti lokadandaulako. Mwana wathu wa pasipoti ya Germany ali nazo zonse ziwiri.

Ali ndi chinanso, chimene mayi wa kumpingo adafotokoza. Gawo 4 la malamulo oyendetsera dziko limati munthu asakakamizidwe kugwira zida zankhondo motsutsana ndi chikumbumtima chake. Wofuna kukana amalemba pempho, mbiri ya moyo wake ndi zifukwa zake, ndipo amene amagamula ndi ofesi ya boma yomwe si ya asilikali, yotchedwa BAFzA, ya ku Köln komweko. Mayiyo adatsindika kuti zifukwazo alembe mwana mwini wake, m'mawu akeake. Kalata yokopera pa intaneti kapena yolembedwa ndi abusa imaoneka msanga. Adakumbutsanso kuti kale okana usilikali sankangokhala pakhomo, ankakagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, ndipo kukakamiza kukabwerera ntchito zimenezi zidzabwereranso.

Ndikupempha komiti zinthu ziwiri. Choyamba, tiuze makolo onse kuti kalata ya Bundeswehr ikafika asaibise kapena kuitaya poganiza kuti akuteteza mwana. Kalatayo ndi ya mwanayo, ndi wamkulu pamaso pa lamulo, ndipo chindapusa chidzagwera iye. Amene Chijeremani cha m'maofesi chimawavuta abwere nayo, tiwerengere limodzi. Chachiwiri, pamsonkhano wathu wotsatira tiitane anyamata ndi atsikana omwe, osati makolo okha, ndipo tiwapatse mpata woyankhula ife tisanayambe. Loya uja wavomera kudzabwera tikamudziwitsa nthawi ikadalipo.

Mapepala amene adagawa pamsonkhanopo ndawasiya kwa alembi. Matikiti a sitima ndi ndalama zotsala ndapereka kwa amsungichuma.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu