Polemekeza Rasmussen musaiwale Arnarulunnguaq

Akonzi,

Nkhani yanu yolemekeza Knud Rasmussen, wofufuza malo wa ku Denmark wobadwira ku Greenland, ndagwirizana nayo, koma mwalakwitsa posatchula mayi Arnarulunnguaq, amene anayenda naye.

Ulemuwo ndi womuyeneradi Rasmussen. Ulendo wofufuza malo umene anautsogolera, wotchedwa Ulendo Wachisanu wa Thule, wa 1921 mpaka 1924, unathandiza kukonza mapu a kumpoto kwa Canada, ndipo mnzake Therkel Mathiassen anafukula mabwinja a ku Naujan, kumpoto komweko, n'kuzindikira chikhalidwe cha makolo a anthu a Inuit, eni madera ozizira a kumeneko. Koma poyenda pa chileyi chokokedwa ndi agalu kuchokera ku Hudson Bay mpaka ku Alaska, Rasmussen anali ndi anthu awiri a ku Greenland, Miteq ndi mayiyu. Zovala za zikopa zikang'ambika pa chisanu choopsacho, wosoka anali iyeyu. Ankaphikanso, ndipo anafukula nawo mabwinja pa chilumba cha King William.

Ndaphunzitsa jogalafe kwa zaka zambiri. Ana amamuloweza Livingstone ngati nyimbo, koma ukawafunsa za Chuma ndi Susi, amene anatsogolera onyamula mtembo wake mpaka ku Bagamoyo, amangoyang'ana pansi.

Mukamalemba za ofufuza malo, muziika mayina a eni dera amene anayenda nawo m'ndime yoyamba momwemo. Olemba mabuku a sukulu nawonso achite chimodzimodzi.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba