Zikomo a Unduna wa Zaumoyo, mayi anga akuona

Kwa a Mlembi Wamkulu,
Unduna wa Zaumoyo,
Capital Hill, Lilongwe.

Olemekezeka a Mlembi,

Kalatayi andituma ndi mayi anga. Mwezi wathawu ndinapita kumudzi kwathu ku Mchinji, ndipo ndinawapeza ali pakhonde, lichero pamiyendo, akusankha mtedza wa mbewu. Ankatola tofota ndi towola n'kumataya pambali, osatikita m'maso ngakhale kamodzi. Nditawayang'ana kwa kanthawi ndinati, "Amayi, maso ajatu akugwira ntchito." Iwo osadzutsa mutu anangofunsa kuti, "Kodi anthu aja unakawathokoza?" Ndinasowa poyambira. Papita zaka chichitireni opaleshoni ya zikope zawo, ndipo ine amene ndimagwira choko ndi cholembera tsiku ndi tsiku sindinalembepo ngakhale mzere umodzi. Landirani zikomo wochedwayu, ndipo mumugawireko aliyense amene akumukhudza kumeneko.

Kwathu matendawa tinawadziwa kale tisanamve dzina lakuti trachoma. Agogo aakazi, amene anabereka mayi anga, anamwalira osaona. Ndili mwana, ntchito yanga inali yowazula nsidze. Ankakhala pamphasa atapenyetsa nkhope kumwamba, ine n'kupaka phulusa kunsonga za zala kuti zisamaterere, n'kumazula nsidze zopindikira mkati imodziimodzi. Ankapumako masiku angapo. Kenako zinkaphuka zina zazifupi, zolimba ngati chiputu, zobaya kuposa zoyamba zija. Akaphethira ankati muli mchenga m'diso. Utsi wa kukhitchini ankauthawa, dzuwa la mu Okutobala ankalithawa, mpaka anangokhala munthu wa m'nyumba. Pang'ono ndi pang'ono pakati pa diso panachita mbuu, ndipo tsiku lina anandifunsa kuti ndine yani ndili chilili pamaso pawo. Ena ankati ndi zakumtundu, ena ankanong'ona kuti anachita kuwalodza. Palibe amene ankaganizako za manthongo a ana amene agogowo analera, kapena nsalu imodzi imene ankapukutira nkhope za tonsefe.

Ndiye mutha kuona mmene mtima unandiswekera pamene mayi nawonso anayamba kundipempha kuti ndiwaone m'diso, muli kanthu kakuwalasa. Ndinaona nsidze zitatu zitagona pa diso la kumanzere, ndipo ndinadziwa kumene ulendowu unkalowera.

Munali mu 2016 pamene kunabwera mnyamata wa m'mudzi woyandikana nafe, mmodzi wa mavolontiya amene anaphunzitsidwa kufufuza anthu a vutoli, ali ndi katochi m'manja. Anawaunika n'kuwalemba m'kabuku kake. Mayi poyamba anakanitsitsa. "Mpeni pa diso? Ndisiyeni ndife nawo maso angawa." Amene anawagonjetsa ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lathu. Iye sanakangane nawo, koma anawabweretsera mayi wina wachikulire amene anali atachitidwa kale opaleshoniyo, n'kuwasiya awiriwo acheze pamphasa. Ife tinangomva akuseka. Sabata yotsatira ndinawakweza pa kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, kumene kunafika dokotala wa maso.

Anawabaya jakisoni wochititsa dzanzi pachikope, anacheka chikopecho motsatira m'mphepete mwake, n'kuchisoka moti mzere wa nsidze utembenukire kunja. Diso lenilenilo sanalikhudze. Ine ndinali panja ndikupemphera, ndipo ndisanamalize kudandaula anali atatuluka ali ndi bandeji, akufunsa ngati ndawasungira chimanga chawo chootcha. Mawa lake anachotsa bandeji, patapita masiku anachotsa ulusi. Sitinalipire ngakhale tambala. Usiku woyamba atachotsa bandeji anagona mpaka kunja kutayera, ndipo m'mawa anati anali ataiwala kuti munthu amatha kuphethira osamva kanthu.

Zikanakhala zokhazi, kalatayi ikanathera pano. Koma ine ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera, ndipo chibadwa changa n'chofuna kudziwa kuti chinthu chinachokera kuti. Nditayamba kuwerenga za matendawa ndinapeza kuti chilichonse chimene anawachitira mayi, kuyambira kachekedwe ka chikope mpaka mapiritsi amene mudzi wonse tinamwa, chinayamba chayesedwa ndi anthu ochita kafukufuku, ena a iwo zaka zambiri ine ndisanabadwe.

Kachilombo koyambitsa trachoma, ka Chlamydia trachomatis, anakapatula koyamba m'zaka za m'ma 1950 ku Beijing katswiri wina dzina lake Tang Feifan, pokamereza m'mazira a nkhuku. Pofuna kutsimikiza kuti ndi komwekadi, anakaika m'diso lake lomwe n'kudwala. Nkhani imeneyi ndimawauza ana a Fomu 3 chaka chilichonse, ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wofunsa ngati bamboyo anali bwinobwino m'mutu. Ine ndimangoti, funsani agogo anu amene nsidze zinawalasapo, akuuzani ngati anali wamisala.

Za mankhwala nazo zili ndi mbiri yake. Kale chithandizo chinali mafuta a tetracycline opaka m'maso kawiri pa tsiku kwa milungu isanu ndi umodzi. Amene analerapo mwana akudziwa kuti zimenezi n'zapapepala chabe. Mafutawo amaluma, mwana amathawira kumunda, mayi ali ndi zochita khumi, ndipo pofika tsiku lachinayi kachubu kaja kasowa. Mu 1993 ofufuza ku The Gambia anaonetsa kuti kumwa azithromycin kamodzi kokha kumagwira ntchito mofanana ndi milungu yonse ija ya mafuta. Mu 1998 kampani ya Pfizer inayamba kupereka mankhwalawa kwaulere kudzera ku International Trachoma Initiative. Amenewa ndi mapiritsi apinki aja amene alangizi anabwera nawo pabwalo la amfumu, atanyamula ndodo yolembalemba yoyezera msinkhu. Ngakhale ndodoyo inachokera m'kafukufuku: anapeza kuti kutalika kwa mwana kukhoza kulowa m'malo mwa sikelo podziwa mlingo wa mankhwala, ndipo ndodo sifuna mabatire, siwonongeka panjinga. Ku The Gambia komweko anatsatanso ntchentche zija zokonda kutera m'maso mwa ana, n'kupeza kuti zimaswana kwambiri pa chimbudzi cha munthu chimene chasiyidwa poyera. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake alangizi ankatiumiriza zokumba zimbudzi ndi kusukusula ana m'maso pa msonkhano umene ife tinkayesa kuti ndi wa mapiritsi okha.

Kumbali ya opaleshoni, njira zochekera chikope zinalipo zingapo, ndipo dokotala aliyense ankatamanda yake. Kafukufuku wa ku Oman kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndiye anayamba kuziika pa mpikisano. Wina wa ku Ethiopia, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anagawa odwala 1,000 m'magulu awiri mwamaere: pa njira imodzi nsidze zinabwereranso mkati mwa anthu pafupifupi 13 pa 100 alionse chaka chisanathe, pa njira inayo mwa anthu 22. Ndimaganizira azimayi a ku Ethiopia amenewo, amene anagona pabedi osadziwa kuti maere awagwetsera njira iti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mayi wa mnzako nayenso ngwako. Iwo sadzawadziwa mayi anga, koma zikope zawo zinaphunzitsa madokotala a maiko ambiri.

Tsono zikomo wamkulu ndikubwera naye kwa inu, chifukwa nzeru zonsezi zikanathera m'mabuku a ku London mukanapanda kuyamba mwawerenga odwala kuno kwathu. Trachoma inkadziwika m'Malawi kuyambira m'ma 1980, makamaka m'chigwa cha Shire, koma kukula kwake kunaonekera bwino ndi kafukufuku wa mu 2008 m'maboma a Chikwawa ndi Mchinji. Ku Chikwawa ana pafupifupi 14 mwa 100 alionse a zaka zapakati pa 1 ndi 9 anapezeka ndi zizindikiro za matendawa, ndipo kwathu ku Mchinji anali pafupifupi 22. Mwana mmodzi mwa asanu. Ndikaona nambala imeneyo ndimaona kalasi yanga ya Sitandade 1 ya kale ija, tonse manthongo lendelende, tikuyesa kuti ndi mmene mwana amakhalira. Pambuyo pake inafika ntchito ya Global Trachoma Mapping Project, imene kuyambira 2012 mpaka kumayambiriro kwa 2016 inayeza maso a anthu 2.6 miliyoni m'maiko 29, Malawi ali momwemo. Magulu anu anayenda khomo ndi khomo, woyeza atavala magalasi okulitsa zinthu, akutembenuza chikope cha mwana aliyense, mnzake akulemba pa foni. Pofika 2015 zinadziwika kuti Amalawi 7.6 miliyoni anali pachiopsezo. Popanda kuwerenga kumeneko, mapiritsi akanapita kumene kuli msewu wabwino, osati kumene kuli matenda.

Ndikudziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Munali ndi a Sightsavers, a Queen Elizabeth Diamond Jubilee Trust, a bungwe loona za maso la BICO la ku Blantyre pansi pa Pulofesa Khumbo Kalua, ndi ena. Koma amene anafika pakhomo pathu, nsapato zili fumbi lokhalokha, anali anthu anu. Ndipo sizinali zophweka. M'mudzi mwathu munamveka mphekesera yakuti mapiritsiwo ndi olera mobisa, moti amuna ena analetsa akazi awo. Ndinaona ndi maso anga mlangizi akumwa mapiritsi ake pamaso pa gulu, amfumu n'kutsatira, kenako mzere unayamba kutalika. Ntchito ngati imeneyo silembedwa mu lipoti, koma ndi imene inachititsa kuti mu Seputembala 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lilengeze kuti Malawi wathetsa trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, dziko loyamba kum'mwera kwa Africa kuno. Ndinamva pa wailesi ndili m'chipinda cha aphunzitsi. Anzanga anapitiriza kuchonga mayeso, ine ndinatuluka panja kukaimbira mayi.

Ndithokozenso kuti mumalola ndi kuyang'anira kafukufuku wa maso m'zipatala zathu, chifukwa nafenso tili ndi chimene tinapatsa dziko lapansi. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre n'kumene madokotala, kuyambira ndi Susan Lewallen mu 1993, anafotokoza zizindikiro zimene malungo aakulu amasiya kuseri kwa diso. Kafukufuku wina wa pachipatala chomwecho, wotuluka mu 2004, anapeza kuti mwa ana amene anamwalira akuganiziridwa malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anafa ndi matenda ena, ndipo kuunika m'diso ndiko kunkasiyanitsa bwino magulu awiriwo. Lero dokotala akaunika m'diso la mwana wokomoka, kulikonse kumene kuli malungo, akutsata zimene zinaphunziridwa ku Blantyre. Makolo amene analola kuti ana awo apimidwe ali pachisoni chotere, sindikudziwa kuti tingawathokoze ndi mawu ati.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Chilengezo cha 2022 chija sichikutanthauza kuti trachoma yatheratu. Muyezo wake ndi wakuti ana osakwana 5 mwa 100 akhale ndi zizindikiro, ndipo akuluakulu a nsidze zopindika amene achipatala sakuwadziwa asafike 2 mwa 1,000. Zipsera zimene munthu anatenga m'zikope ali mwana zimapitiriza kukoka mwakachetechete, ndipo zimatha kutembenuza nsidze atakalamba, kachilombo katachoka kalekale. Azakhali anga aang'ono ayamba kale kudandaula za diso la kumanja. Anthu a msinkhu wanga, amene tinakula m'zaka zimene matendawa anali ponseponse, sitinafike pa msinkhu wake. Chonde madokotala amene munawaphunzitsa aja asaiwale luso chifukwa chosowa ulusi ndi zipangizo, ndipo alangizi apitirize kuyenda ndi katochi, ngakhale abwenzi akunja atatembenukira ku matenda ena. Amene anachitidwa kale opaleshoni nawonso aziwaonanso, poti kafukufuku wa ku Ethiopia uja akusonyeza kuti kwa ena nsidze zimabwerera.

Azakhaliwo ndiwatengera kuchipatala tchuthi chikubwerachi. Safuna kunyengerera ngati mmene zinalili ndi mayi, chifukwa mayiwo awauza kale kuti jakisoni yekha ndiye amaluma.

Mayi anati ndikubweretsereni ndowa ya mtedza umene ankasankha uja. Ndinawauza kuti ku Capital Hill kuli anthu ambiri, sukwanira. Anati basi mupatse mlangizi uja, ndipo ndinamupatsadi.

Ine wanu woyamikira,
Mphunzitsi wa ku Mchinji, m'malo mwa mayi anga.