Kalata yopita ku Joni: za mwana wanu ndi mayeso a Sitandade 8

Bembeke,
Dedza.

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Johannesburg pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo. Bembeke mukumudziwa, m'mawa nkhungu imachita kufika pakhonde, zovala pachingwe kutha masiku awiri osauma. Mayi anu ali bwino, koma mwendo uja umawasautsabe kukazizira. Ndalama mudatumiza pa Mukuru zija adalandira, ndipo adandituma kuti ndikuthokozereni.

Mudandifunsa pafoni ngati muwonjezere ndalama kuti mwana wanu aziphunzira patitayimu yachiwiri, komanso ngati mumugulire timabuku tina ta mafunso ndi mayankho a mayeso akale. Ndidakuuzani kuti ndikuyankhani bwinobwino, chifukwa nkhaniyi siyokamba mayunitsi akutha. Yankho langa n'lakuti mubadikira kaye, mumve zimene ndidaona.

Lachiwiri sabata yatha adabwera kwathu madzulo monga amachitira, kope ali atalikulunga m'jumbo ya shuga kuopa mvula. Aphunzitsi ake adawapatsa homuweki ya Chingerezi, kuti alembe chimangirizo cha tsiku limene sadzaliiwala. Ndidamuyatsira nyale ya sola patebulo, ine n'kupita kukaphula nyemba. Pobwera ndidapeza wamaliza kalekale, tsamba lathunthu, popanda pofufuta ngakhale pamodzi. Nditawerenga ndidadabwa. Chingerezi chosalala ngati cha pawailesi. Nkhani yake inali yakuti adapita kunyanja pa galimoto ya bambo ake, adakagona ku hotela, adakwera boti la injini n'kudya ayisikilimu.

Ndidamufunsa kuti, "Kodi iwe mwanawe, kunyanja udapitako liti?" Adangozolika. Mwana amene ngakhale chitunda cha ku Golomoti sadatsikepo! Ndidaloza mawu atatu m'ndime yachiwiri kuti andiuze tanthauzo lake, sadathe ndi limodzi lomwe. Kenaka adatulutsa m'chikwama kabuku kong'ambika chikuto, n'kundionetsa pamene adatenga. Adaloweza zimangirizo zisanu ndi chimodzi, mawu ndi mawu, mpaka malo oika mpatuliro. Adati anzake onse akuchita chimodzimodzi, ndipo ku patitayimu amawalakatulitsa ngati ndakatulo.

Achemwali, chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ine ndidachongako mayeso a moko chaka china, ndipo ulendo wa kunyanja womwewo ndidauwerenga kambirimbiri mpaka ndidauloweza nanenso. Choopsa chili apa: funso likangokhota pang'ono, tinene kuti alembere kalata malume ake kapena afotokoze msika wa kwawo, mwana wotere amagwira njakata. Ena amangokhuthula zimene adaloweza zija ngakhale sizikugwirizana ndi funso, poti m'mutu mulibe china.

Ndidatseka kabuku kaja n'kukaika pamwamba pa kabati. Ndidamuuza kuti, "Chingerezi tachisiya kaye. Undiuze m'Chichewa tsiku limene iweyo sudzaliiwala." Adakhala chete nthawi yaitali, akuseweretsa chivindikiro cha bolopeni. Kenaka adayamba, motsitsa mawu. Adakamba za tsiku limene inu mudanyamuka. Akukumbukira chitenje chimene mudavala, chikwama chachikulu chamizeremizere chimene zipi yake idakana kutseka, ndi kuzizira kwa pachipata cha Dedza pamene mumadikira basi. Akuti mudamugulira mandasi awiri, iye sadadye, adawafumbata m'manja mpaka basi idalowa ku Mozambique n'kungoti zii. Mandasiwo adawabisa m'thumba la yunifolomu masiku atatu mpaka agogo ake adawapeza atauma gwa. Ine zimenezi sindinkazidziwa, ndipo ndikhulupirira kuti inunso simukuzidziwa. Ndidanamizira kukasonkheza moto kuti asaone misozi yanga.

Usiku womwewo adalemba nkhaniyo m'Chichewa, tsamba limodzi ndi theka. Zolakwika zinali mbwee. Mpumiro adauika kamodzi kokha, kumapeto kwenikweni. Adalemba "cifukwa" ndi "kut" monga amalembera achinyamata pafoni, "mmawa" wopanda nkhodolero, ndipo "kuDedza" adaphatikiza pamene "ku msika" adalekanitsa, chonsecho lamulo limafuna "ku Dedza" ndi "kumsika". Koma zonsezo n'zokonzeka ndi cholembera chofiira m'masabata ochepa. Chimene sindingathe kumuikira m'mutu ndi nkhani, ndipo nkhani ali nayo.

Mawa lake tidayamba kuisamutsira m'Chingerezi, chiganizo chimodzichimodzi. Apa ndiye padali ntchito. Inu mayi ake mudasanduka "he" kasanu konse, poti ife timangoti "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. L ndi R amazisinthanitsa monga tonse timachitira, ndipo nthawi ya aneni imamuthawa, ayamba ndi kale n'kutsiriza ndi tsopano. Tidatha maola awiri pa ziganizo khumi ndi ziwiri. Komatu ziganizo zimenezo ndi zake, mawu aliwonse akudziwa chifukwa chimene alili pamenepo, ndipo mutamudzutsa pakati pa usiku akhoza kulemba zina zonga zomwezo pa mutu wina.

Mwina mudabwa kuti bwanji ndikulimbikira za chiyankhulo, osati masamu amene mumadandaula nawo aja. Paja mayeso a Sitandade 8 a MANEB ali ndi mapepala asanu ndi limodzi, olembedwa m'masiku atatu, ndipo kupatula pepala la Chichewa, ena onse amafunsidwa m'Chingerezi. Mwana akhoza kudziwa bwino lomwe mmene udzudzu umafalitsira malungo, koma ngati sadamve chimene funso likufuna, asankha yankho lolakwika. Ndamuyesa ndekha mwana wanuyu. Samu ya ziganizo imene adailephera, nditamuwerengera m'Chichewa adaipeza mosavuta, osagwira n'cholembera chomwe. Vuto lake si masamu ayi. Ana athu amayamba sukulu akumva zinthu m'Chichewa, kenaka pofika Sitandade 5 mabuku onse asanduka Chingerezi, ndipo ambiri amatsalira pamlatho pomwepo osadziwika, n'kumangokwera makalasi ndi kuloweza. Chiyambire pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga m'makalasi aang'ono mu 2016, ana amene ndimawalandira mu Sitandade 3 ambiri amabwera akudziwa maliwu ndi maphatikizo kuposa kale, zimenezo ndikuvomereza. Koma kutchula mawu ndi kumva nkhani n'zosiyana. Kumva nkhani kumadza ndi kuwerenga tsiku ndi tsiku, ndipo m'nyumba zathu zambiri buku ndi Baibulo ndi la nyimbo basi.

Ndiponso mukudziwa kuti kukhoza n'kwina, kusankhidwa n'kwina. Ana ambiri amakhoza, koma malo ku sekondale ndi ochepa, makamaka ku sukulu zogonera konko zimene iye amazilota. Malikisi awiri atatu otayika pa chimangirizo kapena pa kumvetsa nkhani ndi amene amalekanitsa wopita kogonera, wopita ku CDSS yoyendera, ndi wobwereza kalasi. Kutsogoloku Chingerezi sichidzamusiyanso. Mayeso a JCE amene adathetsedwa aja adabwereranso mu 2021, ndiye akakumana nawo mu Fomu 2. Pa MSCE lamulo likadali lomwe lija la nthawi yathu: maphunziro asanu ndi limodzi, Chingerezi chikhalepo. Mwana wa achimwene anga adakhoza bwino masamu, Biology ndi zaulimi, koma Chingerezi adapeza 9, satifiketi osaiona. Adabwereza chaka chathunthu chifukwa cha phunziro limodzi, ndipo mpaka lero ndikamuona akukweza matumba a kachewere pamsewu wa M1 mtima umandipweteka.

Koma musamve ngati ndikuti Chichewa achitaye. Chimandiwawa n'chakuti ana, ngakhale makolo, amachiyesa phunziro la bonasi, ati "tidabadwa nacho". Amakadzidzimuka m'chipinda cha mayeso atafunsidwa gulu la dzina, mtundu wa mneni, kapena tanthauzo la chining'a. Ndidamufunsa mwana wanu kuti "kulemba m'madzi" n'kutani, adati n'kulemba mvula ikugwa. "Kutsina khutu" adati n'kulanga mwana. Tidaseka tonse, koma pamayeso amenewo ndi malikisi opita. Kalata yantchito samaisiyanitsa ndi yamchezo, amaiwala keyala yachiwiri ndi mutu. Izi tikuzikonza.

Chodabwitsa n'chakuti mphunzitsi wamkulu wa zimenezi amagona naye nyumba imodzi. Loweruka ndidapita kukaona mayi anu, ndidawapeza akusenda nyemba pakhonde. Nditangoti "Ndagi!" iwo "Gize!", ndipo adatimwaza tonse awiri ndi ndagi zoposa khumi osapuma. Miyambi imachita kutuluka yokha akamayankhula. Mwanayo adayang'ana agogo ake ngati akuwaona koyamba, sadaganizepo kuti zimene amamva pamoto ndi zomwezo zili pa pepala la MANEB. Tsopano ndamupatsa kope lapadera loti tsiku lililonse azilembamo mwambi umodzi kapena chining'a chimodzi chochokera kwa agogo, ndi chiganizo chake chosonyeza kuti wamva. Mayi anu akondwa kwambiri, akuti sadadziwe kuti nawonso ndi aphunzitsi.

Aphunzitsi ake sindikuwanena, chifukwa mlandu womwewo ndili nawo. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ndikapereka ntchito ya kunyumba, makope amaunjikana mpaka kubisa tebulo, ndipo masiku ena ndimangothamangitsa cholembera osawerenga bwinobwino. Mwana akaona kuti zimene walemba palibe amaziwerenga, amaleka kulemba zochokera mumtima, amangokopera kuti asakwapulidwe kapena kutumidwa kukatchetcha. Chimangirizo chimafuna munthu woti achiwerenge n'kuyankha. Kusukulu munthu ameneyo ndi wosowa, ku patitayimu nakonso ana ndi ochuluka chimodzimodzi.

N'chifukwa chake pempho langa lalikulu si ndalama. Muzimulembera kalata. Ndikudziwa kuti mumaweruka mutatopa, ndipo kuimba foni n'kosavuta, koma pafoni mwanayu amangoti "eya", "ayi", "ndili bwino". Mutenge pepala Lamulungu, mulembe ndi dzanja lanu, mujambule n'kutumiza pa WhatsApp yanga. Sabata ina m'Chichewa, sabata ina m'Chingerezi chosavuta chomwe mumayankhula kuntchitoko. Mumuuze za sitima, za nyumba zosanja, za chakudya chimene chidakukanikani kudya, ndipo kumapeto mumufunse mafunso awiri kapena atatu ofuna kufotokoza. Iye aziyankha pa pepala, ndi keyala, tsiku, malonje, chiyambi, thunthu ndi mathero monga mayeso amafunira. Ine ndizikonza naye zolakwika, alembenso bwino, kenaka ndikutumizireni. Musadere nkhawa kuti Chingerezi chanu chili ndi zolakwika. Akazipeza yekha ndiye kuti waphunzira, ndipo adzanyadira.

Ngati ndalama ya patitayimu yachiwiri ija ilipo kale, tiigwiritse ntchito motere. Choyamba nyale ya sola yakeyake, chifukwa kwa agogo amawerengera tochi ya mabatire imene imafuna kumenyedwa kuti iyake. Chachiwiri dikishonale yaing'ono ya Chingerezi, ndikagula ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi. Ndipo kumeneko mukaona timabuku ta nthano ta ana totsika mtengo, ngakhale takale, mupatsire wina wobwera pa basi. Mapepala a mayeso akale ndili nawo okwanira. Amenewo tiziyeserera Loweruka lililonse, wotchi ili patebulo, kuti azolowere kuwerenga funso kawiri ndi kugawa nthawi, osati kuloweza mayankho.

Palinso nkhani imene ine sindingathe kuikamba kwa mayi anu, koma inu mungathe. Mwanayu akaweruka amatunga madzi, kutola nkhuni, kuphika, kutsuka mbale, ndipo masiku ena amajomba kukathandiza kukumba mbatata kudimba. Akamafika kwathu maso amakhala atalemera kale. Sindikuti asamagwire ntchito, mwana wamkazi kapena wamwamuna ayenera kudziwa ntchito za pakhomo. Koma miyezi yatsalayi, msuweni wake uja atamamulandirako mtolo wa nkhuni ndi chidebe chimodzi cha madzi, angapeze ola limodzi kukadawala. Muwauze mofatsa, paja akuluakulu safuna kumva ngati tikuwaphunzitsa kulera.

Ndikutsineninso khutu: mayeso akamayandikira pamatuluka anthu onena kuti ali ndi likasa, ena amatumiza mauthenga kwa makolo a kunja podziwa kuti muli ndi marandi. Musatumize ngakhale tambala. Mukukumbukira kuti mu 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa atabedwa, ana onse m'dziko muno n'kukalembanso mu Januwale 2021, olakwa ndi osalakwa omwe. Mwana akagwidwa nazo zotsatira zake zimafafanizidwa, zaka zisanu ndi zitatu n'kupita pachabe.

Ndajambula chimangirizo chake chija, cha Chichewa ndi cha Chingerezi chomwe, ndikutumizani pamodzi ndi kalatayi. Ndidamupempha kaye chilolezo. Poyamba adakana, akuti mukawerenga mudandaula, kenaka adavomera koma adati ndikuuzeni kuti masiku ano salira. Muwerenge muli nokha, osati kuntchito. Kalata yanu yoyamba akuidikira Lamulungu likubwerali, wandifunsa kale kawiri ngati foni yanga ili ndi bandulo.

Mupereke moni kwa alamu. Bambo a kunyumba kuno ndi ana akuti moni wambiri. Kachewere wa chaka chino tikusungirani thumba limodzi ngati mubweredi pa Khirisimasi.

Ndine mnzanu,
wa kuseri kwa tchalitchi uja.